Ndalama zodulidwa pa malipiro zimapita kuti? Mmene NAPSA, NHIMA ndi chipukuta misozi cha ovulala pa ntchito zimayendera

Munthu wolembedwa ntchito mu Lusaka, kaya ndi mlonda ku Kabulonga, wa pa tilu ku Manda Hill kapena wa m'fakitale ku Chinika, akayang'ana peyisilipi yake amapeza kuti malipiro adulidwa pawiri kapena patatu. PAYE ndi msonkho, imapita ku ZRA, bungwe lotolera misonkho, ndipo imakhudza okhawo amene malipiro awo afika pa mlingo wokhomera msonkho. NAPSA, ya penshoni, ndi NHIMA, ya chithandizo cha kuchipatala, si msonkho ayi, ngakhale anthu ambiri amaziponya m'thumba limodzi n'kumati boma latenga. Izi ndi inshuwalansi yokakamiza. Lamulo limauza wantchito ndi abwana ake kuti asonkhe mwezi ndi mwezi, kuti tsiku limene malipiro adzaime chifukwa cha ukalamba, kulumala, matenda kapena imfa, pakhomo pasadzaime zonse.

Pali bungwe lachitatu limene silioneka pa peyisilipi chifukwa wantchito sadulidwa kalikonse, la Workers' Compensation Fund Control Board, lopereka chipukuta misozi kwa ovulala pa ntchito. Kenako pali thandizo la boma kwa osauka, limene munthu sasonkhera n'komwe. Zonsezi pamodzi ndizo chitetezo cha anthu m'dziko lathu. Koma mkangano waukulu, misozi yambiri ndi mizere yaitali zili ku NAPSA, choncho tikhalitsa pamenepo.

NAPSA inakhazikitsidwa ndi lamulo la National Pension Scheme Act la 1996 ndipo inayamba kugwira ntchito mu February 2000. Inalowa m'malo mwa Zambia National Provident Fund, ZNPF, imene inayamba mu 1966. ZNPF inali bokosi losungira: zimene munthu wasonkha, kuphatikiza chiwongola dzanja, ankazilandira kamodzi popuma ntchito. Chimene chinaipha ndi kukwera kwa mitengo. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 mitengo inkakwera kupitirira 100 peresenti pa chaka, moti ndalama zimene munthu anasonkha kwa zaka makumi awiri zinkatha m'miyezi yochepa. Akuluakulu ambiri anabwerera kumudzi chimanjamanja. N'chifukwa chake dongosolo latsopano linamangidwa pa penshoni ya mwezi ndi mwezi mpaka imfa, imene imakwezedwa malipiro a m'dziko akamakwera.

Chosonkha chake ndi 10 peresenti ya malipiro onse asanadulidwe china chilichonse. Wantchito amapereka 5 peresenti, abwana amaonjezera 5 peresenti ya m'thumba mwawo. Wolandira K6,000 amadulidwa K300, kampani imaika K300 ina, ndipo ku NAPSA kuyenera kufika K600 m'dzina lake. Tanena kuti malipiro onse, kutanthauza kuti ndalama za nyumba, za mayendedwe ndi za ovataimu zimawerengedwa limodzi. Bwana amene amawerengera pa besiki yokha, ndiye kuti malipiro opanda zowonjezerazi, akuchepetsa penshoni ya wantchito wake mwakachetechete. Pali denga: malipiro amawerengedwa mpaka kanayi ka malipiro apakatikati a m'dziko lonse. Mu 2025 dengalo linali K34,164 pa mwezi, choncho ngakhale wolandira K80,000 ankadulidwa K1,708.20 basi. Denga limasintha chaka ndi chaka mu January.

Ndalamazi ziyenera kufika ku NAPSA pofika pa 10 mwezi wotsatira, pamodzi ndi mndandanda wosonyeza dzina, nambala ndi malipiro a wantchito aliyense. Wochedwa amalipira chindapusa cha 10 peresenti pa mwezi uliwonse umene ngongole yagona. Kale chinali 20 peresenti, lamulo linachichepetsa mu 2022. Ndipo lamuloli silisankha mtundu wa ntchito. Wa kontirakiti, woyesedwa kaye miyezi itatu, wantchito wa m'nyumba, wosamalira maluwa pabwalo, onse ayenera kulembetsedwa. Mabanja ambiri a ku Chalala, Woodlands kapena Chelstone amene ali ndi mtsikana wothandiza pakhomo sadziwa kuti pamaso pa lamulo iwonso ndi olemba ntchito ngati kampani iliyonse.

Apa m'pamene pagona kusamvetsetsana kwakukulu. Ambiri amaiona NAPSA ngati chilimba, pamene aliyense amadikira tsiku lake kuti atenge ndendende zimene anaponya. Siyenda choncho. Wina amasonkha zaka zisanu ndi chimodzi, n'kumwalira, ana ake n'kumalandira kwa zaka khumi ndi zisanu ndalama zoposa kutali zimene bambo awo anasonkha. Wina amapuma ntchito n'kukhala ndi moyo mpaka zaka 90, akulandirabe. Wina amamwalira atangoyamba kulandira penshoni, wopanda mkazi kapena mwana wamng'ono, zambiri zimene anasonkha n'kutsala m'thumba la onse. Palibe amene amadziwiratu kuti adzakhala m'gulu liti, ndipo n'chifukwa chake onse amasonkha. Chimene chimatsegula chitseko cha phindu lililonse si kuchuluka kwa makwacha kokha, koma chiwerengero cha miyezi imene yalembedwa pa nambala yanu.

Penshoni ya ukalamba imafuna miyezi 180, ndiyo zaka 15. Siyenera kukhala yotsatizana, ndipo siyenera kuchokera kwa bwana mmodzi. Zaka zinayi ku kampani ya alonda, zisanu ku sitolo, zisanu ndi chimodzi ku sukulu ya pulayiveti, zonse zimaunjikana pa nambala imodzi. Zaka zopumira zinasinthidwa mu 2015: tsopano ndi 60, koma munthu atha kupuma msanga pa 55 kapena mochedwa pa 65. Amene analowa NAPSA kusinthaku kusanachitike (kunachitika mu August 2015) anasiyiridwa ufulu wawo wopuma pa 55.

Kawerengedwe kake si kovuta monga anthu amaopera. Amatenga malipiro onse amene munasonkherapo, n'kuwakweza kuti afanane ndi malipiro a masiku ano, chifukwa K800 ya mu 2006 si K800 ya lero. Akapeza apakatikati ake pa mwezi, amachulukitsa ndi chiwerengero cha miyezi, kenako ndi 0.001111. Kanambala kameneka kanasankhidwa kuti wosonkha zaka 30 alandire 40 peresenti ya malipiro ake apakatikati. Munthu wa K15,000 amene wasonkha miyezi 240 amapeza pafupifupi K4,000 pa mwezi. Wa K6,000 wa miyezi 360 amapeza K2,400. Wa K6,000 yemweyo akangokwanitsa miyezi 180, masamu amatulutsa K1,200, koma salandira imeneyo, chifukwa lamulo linaika penshoni yochepetsetsa, imene ndi 20 peresenti ya malipiro apakatikati a m'dziko. Mu 2025 inali K1,708.20. Onani bwino pamenepa: dongosololi limakondera dala olandira zochepa, ndipo ife tikuona kuti m'pamene pali ubwino wake waukulu. Mlonda amene wakwanitsa miyezi 180 amapindula kwambiri, poyerekeza ndi zimene anasonkha, kuposa manijala.

Kupuma msanga kuli ndi mtengo wake. Pa mwezi uliwonse umene mwafulumira nawo, penshoni imadulidwa theka la peresenti, ndipo kudulako n'kwa moyo wonse. Wofunika kupuma pa 60 akapuma pa 55 wafulumira ndi miyezi 60, ndiye kuti 30 peresenti yapita.

Nanga wofika zaka zopumira asanakwanitse miyezi 180? Ameneyu amalandira ndalama ya kamodzi: zimene anasonkha iye ndi abwana ake, zokwezedwa, kuphatikiza chiwongola dzanja. Ambiri amaikonda njirayi chifukwa ndalama imaoneka yambiri tsiku lolandira, ndipo sitiwanyoza, pakuti munthu wopanda nyumba yakeyake amafuna malata ndi simenti lero. Koma amene ali ndi miyezi 168 kapena 172 aganize kawiri asanasaine. Lamulo limalola kugwira ntchito mpaka 65, ndipo chaka chimodzi chowonjezera chikhoza kusandutsa ndalama yotha m'zaka ziwiri kukhala penshoni ya moyo wonse, imenenso idzatsalire mkazi ndi ana.

Penshoni ya kulumala imafuna miyezi 60, ndipo 12 mwa imeneyi ikhale ya m'miyezi 36 yomalizira munthu asanalumale. Madokotala a bodi yapadera ya zachipatala ndiwo amatsimikiza kuti munthuyo sangathenso kugwira ntchito yomupezera ndalama. Kalata ya ku kiliniki yokha sikwanira. Kachigawo ka miyezi 12 kameneka kamagwetsa anthu ambiri: munthu anasonkha zaka khumi, ntchito inatha, wakhala zaka zinayi akuchita maganyu, kenako sitiroko. Miyezi ali nayo yambiri, koma ya posachedwa palibe, ndipo amangopeza ndalama ya kamodzi.

Membala akamwalira, penshoni imapita kwa mkazi kapena mwamuna wake ndi ana osafika zaka 18. Mwana amene akali pasukulu amalandira mpaka 25, ndipo wolumala amene sangadzidalire amalandira moyo wake wonse. Wamasiye wosafika zaka 45 amene alibe mwana wamng'ono wa malemuyo amalandira zaka ziwiri zokha. Palinso ndalama ya maliro, imene ndi penshoni yochepetsetsa kuchulukitsa kakhumi, ndiye kuti K17,082 mu 2025. Imaperekedwa ngati malemu anali kale pa penshoni, kapena ngati anasonkha miyezi 12 m'miyezi 36 yomalizira. Tinene mosabisa kwa achibale: penshoni ya amasiye si katundu wogawana pa msonkhano wa banja maliro akatha. Lamulo linatchula kale eni ake, ndipo amalume kapena achimwene a malemu mulibemo. Chimene chimachedwetsa amasiye kawirikawiri n'chakuti malemu sanalembetse banja lake ku NAPSA, kapena analembetsa mkazi woyamba zaka makumi awiri zapitazo osasinthanso. Pamenepo pamafunika umboni wa ukwati, zikalata za kubadwa kwa ana, makalata a kusukulu, ndipo miyezi imadutsa ana akudikira.

Mu April 2023 Pulezidenti Hakainde Hichilema anasaina lamulo lolola membala kutapako 20 peresenti ya zosonkha zake asanapume. Woyenera ndi amene wasonkha miyezi 60 kapena wafika zaka 45, ndipo amatapa kamodzi kokha pa moyo wake. Aliyense wa mu Lusaka akukumbukira mmene anthu anakhamukira pa nkhaniyi. Ena anamalizitsa nyumba, ena analipira fizi ya ku koleji, ena anatseka ngongole za kaloba zimene zinkawasowetsa tulo. Zimenezo n'zomveka. Chofunika kudziwa n'chakuti si mphatso ya boma ndiponso si bonasi. Ndi ndalama yochotsedwa pa ukalamba wanu womwe, ndipo chodzalandira pa mapeto chimachepa molingana. Wa zaka 32 ali ndi nthawi yokwiriranso dzenjelo. Wa zaka 54 alibe.

Ndalama zosonkhedwa sizigona mu sefa. Gawo lina limalipira amene ali kale pa penshoni, lotsala limaikidwa m'malonda kuti libereke: kubwereketsa boma kudzera m'mabondi, masheya a pa msika wa Lusaka, mabanki ndi nyumba. Levy Business Park ya pa Church Road, pamene palinso likulu la NAPSA, ndi chuma cha osonkha. Nthawi ndi nthawi akatswiri owerengera za inshuwalansi amayeza ngati thumba lidzakwanitse malonjezo ake zaka makumi akubwerazo. Kumeneku n'kumene mabungwe a apantchito ayenera kuikako maso kwambiri. Thumba lalikulu chonchi limakopa aliyense wofuna ngongole yotchipa, ndipo ndalama ikaikidwa pa ntchito yosabweza, bala lake silioneka chaka chomwecho. Limadzaonekera pa penshoni ya munthu amene lero ali ndi zaka 25.

Sikuti onse ali ku NAPSA yokha. Ogwira ntchito m'boma amene analembedwa 2000 isanafike ali ku Public Service Pensions Fund, ndipo a m'makhonsolo akale ali ku Local Authorities Superannuation Fund. Mathumba awiriwa anasiya kulandira anthu atsopano ambiri pamene NAPSA inayamba, choncho osonkha akucheperachepera pamene olandira akuchuluka, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene opuma ntchito akale akhala akudikirira ndalama zawo nthawi yaitali. Malamulo aakulu a dziko, monga anasinthidwira mu 2016, amati munthu amene sanalipidwe penshoni yake pa tsiku lomaliza ntchito akhalebe pa mndandanda wa malipiro mpaka atalipidwa. Makampani ena ali ndi penshoni zawozawo zowonjezera, zimene zimayang'aniridwa ndi Pensions and Insurance Authority. Zimenezi sizilowa m'malo mwa NAPSA. Chimodzimodzinso giratuwiti, ndalama yoperekedwa kontirakiti ikatha, ya 25 peresenti ya besiki, imene Employment Code Act ya 2019 inalamula kwa a kontirakiti. Bwana wonena kuti sakudula NAPSA chifukwa adzakupatsani giratuwiti akuphwanya lamulo.

NHIMA ndi yachichepere. Lamulo lake ndi la 2018 ndipo kusonkha kunayamba chakumapeto kwa 2019. Wantchito amapereka 1 peresenti ya besiki, abwana 1 peresenti. Pano palibe ndalama imene munthu adzalandire m'manja, ngakhale atakhala zaka makumi atatu osadwala. Chimene wagula ndi chithandizo cha kuchipatala kwa iye ndi a m'banja lake amene anawalembetsa, m'zipatala, m'mafamase ndi m'malabu amene NHIMA inavomereza, a boma ndi a pulayiveti omwe. Mavuto ake ambiri ndi awiri: dzina la mwana kapena la mkazi silinalowetsedwe, kapena kompyuta ikusonyeza kuti kampani sinapereke miyezi ingapo. Zonse ziwirizi munthu amazitulukira pa windo la chipatala, wodwala ali pa benchi, pamene zikanakonzeka kale.

Workers' Compensation, imene likulu lake lili ku Ndola, imayendera lamulo la 1999. Amasonkha ndi olemba ntchito okha, ndipo mlingo wake umatengera kuopsa kwa ntchito: mgodi ndi zomangamanga zimalipira kwambiri kuposa ofesi. Imathandiza wovulala pa ntchito kapena wodwala chifukwa cha ntchito, monga a m'migodi amene fumbi linawawononga mapapo. Imalipira za kuchipatala, ndalama ya kamodzi kapena penshoni malinga ndi kukula kwa chilema, ndiponso imathandiza amasiye ngati wantchito wafa. Bwana ayenera kukanena za ngoziyo pasanathe masiku atatu ataidziwa. Pa malo omanga nyumba mu Lusaka muno zimachitika kawirikawiri kuti mnyamata akagwa pa sikafodi, kapitawo amamuthamangitsira ku kiliniki, n'kumupatsa kandalama kuti nkhani ithere pomwepo. Msana ukadzayamba kuvuta patapita chaka, palibe pepala losonyeza kuti ngozi inachitika. Wovulala aonetsetse kuti lipoti lalembedwa, asunge makadi a kuchipatala ndi maina a amene anaona.

Vuto lalikulu la dongosolo lonseli n'lakuti linapangidwira munthu wa peyisilipi, pamene anthu ambiri ogwira ntchito m'Zambia alibe peyisilipi. Amayi a ku Soweto Market, madalaivala ndi makondakitala a minibasi, owotcherera mageti ku Kalingalinga, alimi ang'onoang'ono a ku Chongwe, onsewa amakalamba, amadwala ndipo amasiya ana. Kuyambira 2019 pali malamulo olola odzilemba okha ntchito kulowa NAPSA ndi kusonkha pa foni, ndipo NHIMA nayonso imawalandira. Chovuta n'chakuti ndalama zawo sizibwera mofanana mwezi ndi mwezi, ndipo palibe bwana wowaonjezera theka linalo. Kwa osaukitsitsa kuli Social Cash Transfer, imene inayambira ku Kalomo mu 2003 n'kufalikira dziko lonse. Imachokera ku misonkho ndi thandizo la mabungwe akunja, ndipo mabanja amasankhidwa kudzera m'makomiti a m'madera pansi pa unduna woona za chitukuko cha m'madera ndi chisamaliro cha anthu. Banja lokhala ndi munthu wolumala kwambiri limalandira zochulukirapo kuposa mabanja ena. Ndalamayi imathandiza kugula ufa ndi sopo, koma si penshoni.

Tibwerere ku miyezi ija, chifukwa anthu ambiri amagwa pa zolembedwa, osati pa lamulo. Peyisilipi ikasonyeza kuti NAPSA yadulidwa, si umboni wakuti ndalamayo inafika. Pali mabwana amene amadula n'kusunga. Pali ena amene amatumiza ndalama popanda mndandanda wa maina, ndalamayo n'kumangoyandama yopanda mwini. Pali wantchito amene ali ndi manambala awiri chifukwa kampani yachiwiri inamulembetsanso, miyezi yake n'kugawika pawiri. Pali amene dzina lake kapena tsiku lobadwa pa NRC likusiyana ndi la mu kompyuta ya NAPSA, mwina chilembo chimodzi chokha, koma chokwanira kuimitsa fayilo. Mayi amene anasintha dzina atakwatiwa amakumana nazo kwambiri zimenezi.

Njira yake ndi kutenga sitetimenti yanu kamodzi pa chaka, pa eNAPSA, imene ndi njira ya NAPSA ya pa intaneti, kapena ku ofesi, mutanyamula NRC. Musayang'ane chiwerengero cha pansi chokha. Yendani mwezi ndi mwezi, mukuyerekeza ndi mapeyisilipi, kuona ngati pali mwezi wodumphidwa ndiponso ngati ndalama yolembedwa ndi 10 peresenti ya malipiro onse. Mukapeza mpata, yambani mwafunsa a ku akaunti kapena oona za antchito, mwaulemu koma polemba kalata, n'kusungako kope. Akapanda kukonza, kadandauleni ku NAPSA. Bungweli lili ndi oyendera amene lamulo linawapatsa mphamvu yolowa pa kampani, kuona mabuku a malipiro ndi kutengera bwana ku khothi, ndipo ngongoleyo ndi ya bwana pamodzi ndi chindapusa chake, si ya wantchito. Manambala awiri amaphatikizidwa mukapempha. Dzina lolakwika limakonzedwa mukaonetsa NRC.

Zonsezi zimatheka mosavuta kampani ikadalipo. Ikatsekedwa, eni ake n'kusamuka, umboni wotsala ndi mapepala amene wantchito anasunga yekha: kalata yolembedwera ntchito, makontirakiti, mapeyisilipi ndi kalata yosiyira ntchito. Aikeni m'fayilo imodzi, muwajambulenso pa foni, ndipo mkazi kapena mwamuna wanu adziwe pamene ali, pamodzi ndi nambala yanu ya NAPSA. Amene ali kale pa penshoni asaiwale kukatsimikizira kuti ali moyo nthawi ikakwana, ndipo osunga ana amasiye opitirira zaka 18 azipereka kalata ya kusukulu, chifukwa popanda zimenezi malipiro amaimitsidwa mpaka pepalalo litafika.